Poyambira puloteni, pamene kachilombo ka poliyo kamatibera

Ambiri a inu mukukumbukira chaka cha 2022, pamene a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo atanyamula timabokosi tozizira. Ankadontheza madontho awiri m'kamwa mwa mwana aliyense wosakwana zaka 5, n'kumupaka inki pachala chaching'ono. Anabwera koyamba, patapita milungu anabweranso, kenako anabweranso. Amayi ena anafika potopa nazo, ndipo funso lawo linali lomveka ndithu: mwanayu khadi lake la ku sikelo ndi lodzaza kale, nanga madontho enawa ndi a chiyani?

Chimene chinautsa ntchito yonseyi chinachitikira pafupi nafe. Pa 17 February 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wamkazi wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Mwanayo anali atalefuka ziwalo mu November 2021, ndipo chimbudzi chake chitapimidwa ku South Africa ndi ku America, kunapezeka kachilombo ka mtundu woyamba, kachibale wa kamene kankafalikira ku Sindh m'dziko la Pakistan. Malawi anali asanaone matendawa kuyambira 1992. Mu May chaka chomwecho Mozambique nayenso analengeza za mwana wa m'boma la Changara, ndipo chaka chisanathe ana 8 anali atalumala m'chigawo cha Tete. Kwa ife a kuno ku Chadiza, chigawo cha Tete chimayambira pamalire pathu pomwepa. Ndi kwa achibale, kumene timapita kumaliro ndi kumaukwati.

Kuti funso la amayi aja liyankhidwe bwino, tiyenera kulowa m'kati mwa selo, n'kuona kanthu kamodzi kamene kamachitika m'thupi mwanu kambirimbiri pa sekondi iliyonse: mmene kupanga puloteni kumayambira. Kachilombo ka poliyo kamatibera pamenepo, ndipo mphamvu ya katemera wa madontho yagonanso pomwepo.

Thupi lamangidwa ndi maselo, tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso. Pafupifupi ntchito iliyonse m'tizipindati imagwiridwa ndi mapuloteni. Chimene chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya ndi puloteni yotchedwa hemoglobini. Insulini, imene odwala shuga amaidziwa, ndi puloteni. Zogaya nsima m'mimba ndi mapuloteni. Puloteni iliyonse ili ngati chingwe cha mikanda, ndipo mikandayo, imene akatswiri amati ma amino asidi, ilipo ya mitundu 20. Mukadya nyemba, nsawa, kapenta kapena dzira, thupi limamasula zingwe za m'chakudyacho, n'kutunganso mikanda yomweyo m'dongosolo lake. Dongosololo ndilo limasiyanitsa puloteni ina ndi inzake.

Malangizo a katungidwe kake alembedwa mu DNA. Maselo a anthu, a ng'ombe, a chimanga, a bowa, ngakhale a kachilombo ka malungo, amasunga DNA m'kachipinda ka m'kati kotchedwa nyukiliyasi. Zamoyo za maselo otere ndi zimene akatswiri amazitcha ma eukaryote. Mabakiteriya alibe kachipindaka. DNA ili ngati kaundula wa kwa mfumu, buku limene silichoka panyumba. Pakafunika puloteni inayake, selo imakopera tsamba lokhalo pa kalata yotchedwa mRNA, ndipo kalatayo ndi imene imatuluka kupita kwa otunga mikanda.

Otungawo ndi maraibosomu. George Palade, wobadwira ku Romania, ndi amene anawafotokoza mu 1955 atawaona pa makina amphamvu oonera tinthu ting'onoting'ono. Selo imodzi yotanganidwa imatha kukhala nawo mamiliyoni angapo. Raibosomu iliyonse ili ndi zidutswa ziwiri, chaching'ono chotchedwa 40S ndi chachikulu chotchedwa 60S. Zili ngati mphero ndi mwanamphero: chimodzi pachokha sichipera kanthu. Zimakhala motalikirana mpaka ntchito itapezeka.

Tsopano vuto lili apa. Kalata ya mRNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, U, G ndi C, zondandalikana popanda mpata, popanda mpumiro. Raibosomu imaziwerenga zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimatchula mkanda umodzi. Taonani mawu awa atalembedwa mophatikiza: ANAAJAALIUKO. Mukayambira pa chilembo choyamba n'kumadula zitatuzitatu, mupeza ANA AJA ALI UKO. Mukalumpha chilembo chimodzi chokha, mupeza NAA JAA LIU KO, zopanda mutu. Zilembo n'zomwezo, chasintha ndi poyambira basi. Komanso kalatayo siyamba ndi uthenga weniweni. Kutsogolo kwake kumakhala zilembo makumi kapena mazana angapo zosatchula mkanda uliwonse. Raibosomu ikaphonya poyambira, chingwe chonse chimatuluka cholakwika. N'chifukwa chake selo inaika antchito ochuluka pakhomo limeneli, mapuloteni oposa 10 amene ntchito yawo ndi kuyambitsa chabe. Mayina awo amayamba ndi eIF, kenako nambala. Musavutike kuwaloweza onse. Atatu okha ndiwo atikwanira.

Choyamba ndi chidindo. Kalata iliyonse yochokera mu nyukiliyasi imaikidwa kumutu kwake chilembo G chapadera, cholumikizidwa chagada ndiponso chokhala ndi kachizindikiro kena. Azungu amachitcha chipewa, koma ine ndimaona kuti chimafanana kwambiri ndi chidindo cha pa kalata ya mfumu: kalata yopanda chidindo ku ofesi saiyang'ana n'komwe. Yasuhiro Furuichi, Aaron Shatkin ndi anzawo anachizindikira cha m'ma 1975. Mu 1978 Nahum Sonenberg, akugwira ntchito kwa Shatkin, anapeza puloteni imene imagwira chidindocho. Imeneyi ndi eIF4E, kalaliki woyang'ana zidindo.

Kalalikiyu payekha sangaitane raibosomu. Amagwirana ndi puloteni yaikulu yotchedwa eIF4G, ndipo imeneyi muisunge m'mutu chifukwa nkhani yathu ibwerera kwa iyo. Ndi nkhoswe. Dzanja lake limodzi lagwira kalaliki wa chidindo, dzanja lina lagwira antchito amene akangamira ku chidutswa chaching'ono cha raibosomu. Imagwiranso puloteni ya kumchira kwa kalata, kumene kumakhala mndandanda wautali wa zilembo A, kotero kuti mutu ndi mchira zimakumana ndipo kalata yathunthu imawerengedwa mwachangu kuposa yoduka. Popanda nkhoswe, kalata ili uko, raibosomu ili uko, ukwati palibe.

Mbali inayo, chidutswa chaching'ono chimakhala chakonzeka kale. Mikanda imabweretsedwa ku raibosomu ndi timitenga totchedwa tRNA, ndipo pali kamtenga kamodzi kapadera kamene ntchito yake ndi kunyamula mkanda woyamba wokha. Mkanda woyambawo nthawi zonse ndi methionine, kaya puloteniyo ndi ya tsitsi kapena ya magazi, ngakhale kuti nthawi zambiri umadzadulidwa pambuyo pake. Amene amaperekeza kamtengaka n'kukakhazika pa chidutswa chaching'ono ndi wantchito wathu wachitatu, eIF2.

Nkhoswe ikalumikiza mbali ziwirizi, chidutswa chaching'ono chimatera kumutu kwa kalata n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, chikufufuza. Pamene kalata yapindana, wantchito wina amaiongola. Chimene chikufunidwa ndi zilembo zitatu, AUG. Marilyn Kozak ndi amene anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1978, ndipo m'zaka zotsatira anaonetsanso kuti raibosomu imayang'ana ndi zilembo zoyandikana nazo. AUG imene ili ndi A kapena G malo atatu m'mbuyo mwake, ndi G patsogolo pake penipeni, imaimitsa raibosomu mwamphamvu. Ina yopanda anansi oterewa imatha kudumphidwa. Kamtenga kaja kali ndi zilembo zitatu zolingana ndi AUG monga kiyi ndi loko. Zikangolowana, chidutswacho chimaima n'kutsekera kalatayo, eIF2 ndi anzake amachoka, ndipo chidutswa chachikulu chimabwera kudzakhala pamwamba. Apo raibosomu yakwana. Kuchokera pamenepo ntchito imathamanga, mikanda pafupifupi 5 kapena 6 pa sekondi, mpaka itafika pa zilembo zoimitsa. Chingwe chimodzi cha hemoglobini, cha mikanda 146, chimatha mphindi imodzi isanakwane.

Kutunga n'kofulumira, kuyamba ndiko kochedwa, ndipo selo ikafuna kuchepetsa ntchito imatseka poyambira. Pali chitsanzo chimene amayi oyembekezera amakumana nacho osadziwa. Hemoglobini imafuna ayironi kuti inyamule mpweya. M'maselo amene akukula kuti akhale ofiira a m'magazi muli mlonda wotchedwa HRI. Ayironi ikachepa, mlondayu amamanga eIF2 kuti asaperekeze mkanda woyamba, motero zingwe za hemoglobini zimaleka kuyambika. Selo imachita zimenezi podziteteza, chifukwa zingwe zopanda ayironi zikachuluka zimaundana n'kuiononga. Zotsatira zake ndi maselo ang'onoang'ono otuwa, zimene kuchipatala amati kuchepa magazi. Timapiritsi ta ayironi timene amayi amalandira ku sikelo, timene ena amatisiya m'chikwama chifukwa timachititsa nseru, ntchito yake ikukafika pakhomo lomweli. Palinso alonda ena atatu ofanana ndi HRI. Mmodzi amatseka mikanda ikasowa chifukwa cha njala, wina mapuloteni akapindika molakwika, wina akamva fungo la kachilombo.

Tsopano tibwerere ku poliyo.

Kachilombo ka poliyo ndi kanthu kosauka kwambiri. Kalibe selo, kalibe raibosomu. Ndi kalata imodzi ya RNA ya zilembo pafupifupi 7,500 yokutidwa m'kachigoba ka puloteni. Kamalowera pakamwa, kudzera m'madzi, chakudya kapena manja amene akhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako, n'kukaswana pakhosi ndi m'matumbo. Kakalowa m'selo kamavula kachigoba, kalata yake n'kugwera pakati pa makalata zikwizikwi a mwini selo. Kalata imeneyi ilibe chidindo. Mwa lamulo limene taona lija, palibe raibosomu imene iyenera kuiwerenga.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinkaimitsa mitu akatswiri, makamaka poona kuti AUG yeniyeni ya kachilomboka ili kutali, patadutsa zilembo zoposa 700, ndipo panjira pali ma AUG ena angapo amene akanasokeretsa raibosomu yoyenda kuchokera kumutu. Yankho linabwera mu 1988, pamene Jerry Pelletier ndi Sonenberg yemwe uja, ali pa McGill University ku Montreal, anaonetsa kuti chigawo chakutsogolocho chimapindana n'kupanga kampando kamene raibosomu imaterapo mwachindunji, osadzera kumutu. Kampandoka amakatcha IRES. Ndi khomo lakuseri.

Koma kuba kwenikweni ndi uku. Kalata ya kachilombo ikawerengedwa koyamba, imatulutsa chingwe chimodzi chachitali cha mikanda yoposa 2,000, chimene chimadziduladula chokha kukhala mapuloteni osiyanasiyana. Imodzi mwa iyo, yotchedwa 2A, ndi lumo. Lumoli limapita kukadula nkhoswe ija, eIF4G, pakati. Dzanja limene linagwira kalaliki wa chidindo limagwera kwina. Kuyambira pamenepo kalata iliyonse ya mwini selo, ngakhale ikhale ndi chidindo chabwino chotani, ilibenso woiperekeza kwa raibosomu. Nanga chidutswa chotsala cha nkhoswe, chimene chikadagwirabe raibosomu? Chimenecho n'chimene kampando ka kachilombo kamafuna, ndipo kamachigwira bwinobwino. M'maola awiri kapena atatu okha selo imaleka kupanga mapuloteni ake, maraibosomu ake onse n'kukhala aganyu a mlendo. Maola 8 asanapitirire patali, seloyo imaphulika n'kutulutsa tizilombo zikwizikwi.

M'matumbo selo yakufa imalowedwa m'malo ndi ina, n'chifukwa chake anthu ambiri otenga kachilomboka sadwala n'komwe, ena amangomva kutentha thupi ngati chimfine. Tsoka limabwera kakafika mu msana, ku maselo a mitsempha amene amalamula minofu. Amenewo akafa saphukanso. Mwendo umalefuka, pakapita nthawi umafota. Izi zimachitikira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 200 otenga kachilomboka, ndipo mwa olumalawo, 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira minofu yopumira ikagwidwa. Werengani chobwerera: mwana mmodzi wolumala ku Lilongwe akutanthauza anthu mazana oyenda nako mwakachetechete, ena mwa iwo akukwera basi.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kuchipatala sangopereka jakisoni wopha kachilomboka. Mankhwala monga gentamicin, doxycycline ndi azithromycin amagwira ntchito potseka maraibosomu a mabakiteriya, amene ndi osiyana kapangidwe ndi athu, motero amapha mdani n'kutisiya ife. Poliyo akugwiritsa ntchito maraibosomu athu enieni. Chimene chimachitika raibosomu ya munthu ikatsekedwa timachionera pa nsatsi zimene zimamera m'mabwinja ndi kuseri kwa makola. Poizoni wa m'njere zake, ricin, amachotsa chilembo chimodzi chokha pa chidutswa chachikulu cha raibosomu, n'kuisiya yakufa. Ndiye ana asamatafune njerezi. Poliyo alibe mankhwala ochiza. Chimene chilipo ndi katemera.

Katemera wa madontho ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Albert Sabin anakafooketsa m'zaka za m'ma 1950 pokaswetsa mobwerezabwereza m'maselo a anyani ndi kusankha kamene sikankalumalitsa. Iye sankadziwa chimene chinasintha m'kati mwake, pakuti nthawi imeneyo njira yowerengera zilembo za kachilombo kunalibe. Zitawerengedwa m'zaka za m'ma 1980, kunapezeka chinthu chodabwitsa. Pa mitundu yonse itatu ya katemerayu, chimodzi mwa zosintha zazikulu chili pa kampando kaja, ndipo ndi chilembo chimodzi: cha nambala 480 pa mtundu woyamba, 481 pa wachiwiri, 472 pa wachitatu. Chilembocho chimapotoza kampandoko, kotero kuti sikagwira bwino antchito oyambitsa aja. Kachilomboko kamathabe kuswana m'matumbo mokwanira kuti thupi likadziwe ndi kukonza chitetezo, koma m'mitsempha kamakanika.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nkhani zimene zimayenda pa WhatsApp zimatola theka la choonadi. Chilembo chimodzi chimatha kubwerera mwakale. Kachilombo ka m'katemera kamatuluka m'chimbudzi cha mwana wolandirayo kwa milungu ingapo. M'mudzi mmene ana onse alandira, kamasowa kolowera n'kuthera pomwepo. Koma kumene ana ambiri sanalandire, kamadumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo kwa chaka kapena kuposerapo, kakusintha pang'onopang'ono, mpaka kampando kaja kataongokanso ndipo kayamba kulumalitsa. Zoterezi zachitika m'maiko angapo a mu Africa, ndipo kuno ku Zambia zinaoneka mu 2019. Olumala pa zochitika zotere amakhala makamaka ana amene sanalandire katemera kapena sanamalize. Pofuna kutseka mpata umenewu, akatswiri anakonza katemera watsopano wa mtundu wachiwiri, nOPV2, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2021. Chimodzi mwa zimene anachita ndi kulembanso chigawo chomwecho cha kampando kuti kusintha kwa chilembo chimodzi kusakabwezeretse mphamvu.

Ndiye madontho obwerezabwereza aja ndi a chiyani? Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba chikukhudza mwana wanu yekha. Kachilombo kofooka kaja kayenera kuswana m'matumbo kuti chitetezo chipangike, ndipo sikuti kamagwira ulendo uliwonse. Mwana akakhala kuti akutsegula m'mimba, kapena m'matumbo mwake muli kale tizilombo tina tolimbirana malo, madontho a tsiku limenelo amatha kungodutsa. Kuno kwathu, kumene kutsegula m'mimba n'kofala nthawi ya dzinja, mwana amafunika maulendo ambiri kuposa wa ku Ulaya, ndipo kuwonjezera sikumupweteka. Chachiwiri chikukhudza mudzi wonse. Ana onse a m'dera akalandira m'masiku omwewo, matumbo onse amatsekeka nthawi imodzi, ndipo kachilombo, kaya kochokera ku Pakistan kapena kotembenuka kuchokera ku katemera, kamasowa pokhala. Kachilombo ka poliyo kamaswana mwa anthu okha, sikabisala mwa ng'ombe kapena nkhumba. Jakisoni amene mwana amalandira ku sikelo ali ndi milungu 14 ndi wa kachilombo kakufa. Amateteza bwino kuti mwanayo asalumale, koma satseka matumbo mwamphamvu ngati madontho, n'chifukwa chake ziwirizi zimayendera limodzi.

Mu 1988, chaka chomwe chija chimene khomo lakuseri linadziwika, maiko anagwirizana zothetsa poliyo. Nthawi imeneyo ana pafupifupi 350,000 ankalumala chaka chilichonse m'maiko oposa 125. Mtundu wachiwiri wa kachilombo kachilengedwe unalengezedwa kuti watha mu 2015, wachitatu mu 2019. Woyamba udakalipo ku Pakistan ndi ku Afghanistan, ndipo ndi umene unatipeza. Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe atatemera ana mamiliyoni ambiri maulendo angapo, mliri wa ku Lilongwe ndi ku Tete unalengezedwa kuti watha mu May 2024.

Kulondera kukupitirira, ndipo pamenepa aliyense wa ife ali ndi gawo. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walefuka mwadzidzidzi, osagwa, osavulala, apite naye kuchipatala msanga, ngakhale achibale ena atanena kuti zimenezi n'zakumudzi. A zaumoyo amatenga chimbudzi chake kawiri, motalikirana ndi tsiku limodzi, n'kuchitumiza chili chozizira ku labotale ya University Teaching Hospital ku Lusaka. Zimenezi ziyenera kuchitika pasanathe masiku 14 chiyambire kulefukako, chifukwa pakapita nthawi kachilomboko kamachepa m'chimbudzi ndipo kamavuta kukapeza.